Mbalule ya Atate pa Kambale Kanga

Pakomboni pathu panalibe munthu wosadziwa nyimbo. Munthu woti chibadwire sanagwirepo gitala, woti ngakhale mluzu umamukanika, ungomuikira nyimbo basi wasanduka woweruza, miyendo wapiringiza, mlomo wakweza. Ndinazionera ndekha chaka chimene ndinatulutsa kambale kanga, ndili mnyamata wosakwatira, pa pulazi ya fodya kufupi ndi Glendale, zaka za m'ma 1990 zitangoyamba. Papita nthawi yaitali, koma ndikakumbukira zimene anthu aja ananena mtima umandiwirabe.

Ntchito yanga inali yoyang'anira injini zopopa madzi kudamu. Tsiku lonse ndinkakhala ndekha pakati pa zitsulo, ndipo pamene ena ankangomva phokoso, ine ndinkamvamo nyimbo. Injini yaikulu inali ndi liwu lake, yaing'ono lake, lamba akakhwepa ankaponyamo kenakake kokoma moti nthawi zina ndinkachedwa dala kumumanga. Nditagula kiyibodi yakale ku Harare, ija yokhala ndi ng'oma zakezake m'kati, ndinayamba kutsanzira zonsezo. Masiku amenewo mwana aliyense wa Achewa pamapulazi akafuna kuimba ankagwira gitala n'kuimba sungura. Sungura ndinkaivina monga wina aliyense, koma m'mutu mwanga munkalira zina.

Atate anali oimba mbalule. Pa ng'oma za gule wamkulu, mbalule ndiyo imatsogolera, ndiyo imalankhula ndi mapazi a gule, zinazo zimangochirikiza. Luso limeneli anabwera nalo kuchokera kwawo ku Dedza. Akaiwamba pamoto n'kuimata phula, n'kuikhazika pakati pa miyendo, maso awo sankachokanso pabwalo. Gule akaponda, iwo aponda naye ndi manja. Mkati mwa sabata ankasankha fodya kushedi ngati wina aliyense. Lamulungu m'mawa ankakhala pa benchi yakumbuyo kutchalitchi poopa pakamwa pa amayi. Koma kukagwa maliro a munthu wa gule, kapena kukakhala chiliza, anthu ankapalasa njinga kuchokera ku Shamva kudzawatenga. Ng'omayo inali ya gulu, koma inkagona kwathu, pamtanda wa denga, ndipo panalibe wina woikhudza.

Anayesa kundiphunzitsa ndili wamng'ono, ine ndinkathawira ku mpira, mpaka anangondisiya. Kiyibodi yanga ankaitcha "kabokosi ka mwanayu". Sanandinyozepo, koma sanandiuzeponso n'tsiku limodzi lomwe kuti taimba timve. Ndiye ndinene poyera: za kutchuka ndinalibe nazo ntchito kwenikweni. Ndinkafuna chinthu chimodzi, kuti atate amve nyimbo yanga n'kunena ndi pakamwa pawo kuti mwana wawo ndi woimba.

Nzeru inandibwerera yoti ndiwaike iwo omwe m'nyimboyo. Tsiku lina masana kunali chiliza cha gogo wina wa pakomboni, gule anatulukira pa bwalo la mpira, ine ndinaika wayilesi ya kaseti m'chikwama n'kukaima kumbuyo kwa oimba ng'oma. Sindinapemphe aliyense. Mawa lake nditaimvera kaseti ija kudamu, pakati pa phokoso lonse la amayi oimba ndi ana okuwa, ndinapeza malo amodzi amene anandichititsa tsembwe thupi lonse. Mbalule ikuthamanga bwinobwino, kenako zii, kamphindi kochepetsetsa, n'kudzagwa mochedwa pang'ono, ngati munthu wophonya sitepe potsika. Chikhalire ndi atate ndinali ndisanawamvepo akuchita zimenezo. Ndinabweza kaseti kambirimbiri mpaka inayamba kutentha. Ndinati eya, nali luso la mdala wanga limene anthu wamba salimva.

Ku Harare ndinapeza kasitudiyo kuseri kwa shopu yokonza mawayilesi. Mwini wake anali ndi makina odula kachidutswa ka mawu n'kumakabwereza mmene ungafunire. Tinadula kamalo kaja n'kukayala pansi pa nyimbo yonse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Pamwamba ndinaikapo injini zanga zakudamu ndi kiyibodi yolira mokoka, mawu ataliatali. Kuimba kwa pakamwa ayi, gitala ayi. Mkulu uja anandifunsa katatu konse ngati ndatsimikiza kuti yatha. Mbali inayo ya kambale, posowa nyimbo yachiwiri, tinaikako ng'oma yokhayokha ndi injini imodzi chapansipansi. Patapita milungu ingapo ndinakwera bhazi ndi katoni ya timbale pamiyendo, ndipo njira yonse sindinalole kondakitala kuikhudza.

Ndinasankha Lamulungu la mapeto a mwezi, masana, kubawa ya pakomboni, pamene pamadzaza anthu ngakhale osamwa. Atate kunalibe, ankati kubawa n'kwa anyamata. Ndinati bola choncho, anthu ayambe aichemerera, mbiri ikawapeze yokha kunyumba. Mwini gumbagumba anachotsa sungura imene inkalira, anthu n'kuyamba kudandaula, ine n'kukweza dzanja kuti dekhani, mumve za mwana wa pano. Singano inatera.

Woyamba kutsegula pakamwa anali folomani wathu, Mshona wa mimba yake, amene ankatilankhula Chishona ife n'kumamuyankha Chichewa. Anamvetsera pang'ono, chikho chili m'manja, n'kufunsa kuti, "Ko, vanotanga rinhi kuimba?"

Ndinamuuza kuti palibe woti ayambe kuimba, nyimboyo ndi imeneyi.

"Aiwa," iye anatero, n'kutembenukira anthu. "Iyi injini yedu yekudhamu iyi. Mupfana, enda unoisa oiri!"

Ati ndikathire oyilo! Bawa yonse inafa ndi phwete. Chondipweteka n'choti sananame, inalidi injini yathu, koma iye anainena ngati wandigwira ndikuba nkhuku.

Mwini gumbagumba naye sanafune kutsalira. Atamva kachidutswa kaja kakubwerezabwereza anati mbale yakakamira, n'kunyamula singano, n'kuiuzira, n'kuipukuta ndi malaya. Ndinati musakhudze, ndi mmene ilili. Anaika bokosi la machesi pamwamba pa mkono wa singano kuti ulemere. Ndinati abale, sinakakamire! Anatsegula kumbuyo n'kuyamba kuluma mabatire limodzilimodzi. Pomaliza anasuntha kabatani n'kuiika pa liwiro la zimbale zazikulu, nyimbo yanga n'kuyamba kubuula ngati ng'ombe yodwala, ndipo mayi wina kumbuyo anakuwa kuti, "Apo ndiye bola!"

Panali bambo ena a ku Tete, akatekisiti, munthu waulemu wake amene ankabwera kubawa kudzangomwa mahewu. Iwo anadikira kuti chiseko chithe, n'kundikodola.

"Mwananga, usakwiye," anatero. "Ine ndaimva bwino. Ikulira ngati wayilesi yanga ndikamasaka nkhani za kumudzi, paja imachita siii pakati pa masiteshoni."

Ndinayamba kumwetulira, kuyesa akuyamikira.

"Koma nyimbo yopanda mawu ikutamanda ndani? Mulungu ayi, mkazi ayi, ngakhale kutukwana munthu ayi. Ndiye wavutikira chiyani?"

Ndinawauza kuti ku Ulaya achinyamata akuimba zoterezi, makina okhaokha. Wina pabenchi anati ndiye upite nako ku Ulayako, kuno tikufuna kuvina. Wina anati mzungu wa pulazi aigule azikathamangitsira mbalame m'munda wa tirigu. Wina anati mwana wa amalume ake ku Ruwa anayambanso chonchi, pano akutola mapepala. Onsewa ndi anthu oti mawa lake m'mawa adzandipempha ndiwatsegulire madzi.

Koma amene ananditopetsa zenizeni ndi amayi a pakomboni, amayi anga omwe ali patsogolo. Kwathu nyimbo siimbidwa ndi munthu mmodzi. Wina amatsogolera, amayi amavomera n'kuomba m'manja, ndipo amayi athu aja panalibe nyimbo yowakanika. Kaya ya Chishona, kaya ya Chingerezi ya pawayilesi, ankaipezera polowera. Ndiye atamva kuti mwana wa oimba mbalule watulutsa mbale, anamanga zitenje n'kudzaima mzere pakhomo la bawa, manja atakonza. Mwini gumbagumba anaibweza poyamba, pa liwiro lake lenileni. Amayi aja chilili, manja m'mwamba. Wina n'kuomba kamodzi, n'kupeza waomba yekha, n'kubisa manja m'chitenje. Ayesenso, aphonyanso. Singano inafika kumapeto ali chiimire ngati akudikira bhazi.

"Iwe," anatero amayi anga pamaso pa anthu onse, "nyimbo yakoyi ife tilowere pati?"

Ndinati siyolowa, Amayi, ndi yomvera.

"Yomvera? Ndi ulaliki?"

Ndinati nyimbo zina munthu amangokhala pansi n'kutseka maso.

"Maso ine ndimatseka ndikamagona," anatero, n'kumasula chitenje, anzawo n'kuwatsatira. Koma anthu inu! Mayi wondibala ine.

Pa anthu onse aja panali mmodzi yekha amene sanaseke, mdala woimba mpanje, ng'oma imene imakhala pambali pa mbalule. Iwo ndi atate anali ataimbira limodzi zaka zambiri. Anakhala pakona, mutu atapendeketsa, chala chikugogoda bondo. Anthu atayamba kukuwa kuti bwezani sungura, mdala uja anati, "Tatembenuzani, timve mbali inayo." Anatembenuza. Chala chija chinkayenda, n'kuima, n'kuyendanso. Itatha anandiitana.

"Mbalule iyi ndi ya bambo wako?"

Ndinati ndi yawo, mwaizindikira!

"Ya tsiku la chiliza lija?"

Ndinati eya, lomwelo. Ndinawafotokozera zonse, za kaseti, za makina a ku Harare, za kamalo kaja pamene mbalule imaima n'kugwa mochedwa. Ndinati anthu awa ndi ogontha, koma inu mwamva luso lili pamenepo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kupempha kambale kamodzi. Ndinawapatsa ndi manja awiri, ndinatsala pang'ono kuwagwadira. Ndinapita kunyumba ndikudziuza kuti khutu limodzi lodziwa liposa bawa yonse.

Sabata imeneyo maganizo a anthu sanathe ayi. Popita kudamu ana ankanditsatira akuchita "gu-gu-gu, siii" ndi pakamwa. Mtsikana amene ndinkamufuna ndinamupatsa kambale, n'kukapeza mayi ake atavundikira nako mtsuko wa madzi. Anandithokoza kuti kakukwana bwino kwabasi. Folomani akandiona patali ankakweza dzanja ngati akuthira oyilo. Aphunzitsi a pasukulu ya pulazi, amene ndinkayesa ndiwo andimvetsa, anandiimitsa panjira n'kundigwira paphewa. Anati nyimbo yanga aimva mpaka pansi pake, ndi kulira kwa anthu ogwira ntchito oponderezedwa ndi makina. Ndinati ayi, ndi injini chabe, zimandikomera mmene zimalirira. Anapukusa mutu n'kunena kuti vuto la oimba osaphunzira n'loti sadziwa chimene aimba. Ndinangowasiya, poopa kuti ndingalankhule zoti mawa ndikapepese.

Zonsezi ndinkazipirira podikira kuti mdala wa mpanje akawauze atate. Ndinkaona akuluakulu a gule akuyenderana poweruka, akukhala kuseri kwa nyumba ya mdala uja, gumbagumba ikulira chapansipansi, ndipo mwa uchitsiru wanga ndinkati akusirira. Atate ankangofika, kusamba, kudya sadza mwakachetechete.

Lachisanu masana amayi anandipeza kudamu. Sanali munthu wobwera kumeneko. Anandiuza kuti ndizimitse injini, ndipo mmene ananenera ndinazimitsa osafunsa.

"Ukudziwa chimene wachita?"

Ndinati ngati ndi za nyimbo, Amayi, ndatopa nazo, aliyense wanena kale zake.

"Khala pansi. Bambo wako dzanja lamanja lakhala likuchita dzanzi chiyambire dzinja. Zala ziwiri zimangofa, osamva kanthu. M'mawa uliwonse ndimawathowa ndi madzi otentha iwe usanadzuke, ndipo anandiletsa kuuza munthu. Tsiku la chiliza lija dzanja linawafera pakati pa ng'oma. Kamphindi chabe. Anadzigwira, fumbi lili koboo, ife tikuimba, palibe anazindikira. Anabwera kunyumba akuthokoza Mulungu kuti zadutsa." Anapuma, n'kundiloza ndi chala. "Ndiye iwe, pa ng'oma ya tsiku lathunthu, wakasankha pomwepo. Wakapadula, n'kupabwereza, n'kupabwerezanso, n'kukaika pa gumbagumba kubawa."

Ndinati ndimayesa ndi luso.

"Luso! Nkhuyu zodya mwana zidapota akulu. Akuluakulu amvera mbale yako sabata yonse, mbali ija ya ng'oma yokhayokha. Akuti mbalule ikadzanamiza makanja, chilombo chachitali chija, chingadzagwe pabwalo anthu akuona. Agwirizana kuti ng'oma ipite kwa wina. Adzaitenga Lamulungu."

Ndinakhala pa paipi ndikuyang'ana matope. Sabata yonse ndinali nditakwiyira anthu kuti sadziwa kumva, pamene wosadziwa chimene wamva ndinali ine. Ndinachita manyazi, ndinadzikwiyira kuposa mmene ndinakwiyira folomani ndi bawa yake yonse, ndipo ndinaopa kubwerera kunyumba.

Loweruka tinkaweruka masana. Ndinawapeza atate pakhonde akusenda nzimbe, mpeni uli kudzanja lamanzere. Kaya anayamba liti kugwira choncho, ine wa khutu lakuthwa ndinali ndisanaonepo. Ndinakhala pansi chapatali n'kuyamba kupepesa. Anandidula.

"Komboni yonse yaimva nyimbo yako, ndatsala ine. Kabwereke gumbagumba."

Ndinati Atate, bola ndingoziphwanya mbale zonsezo.

"Ndati kabwereke."

Ndinakabwereka. Mwini wake anafuna kubwera nawo kuti adzathandize kuika singano, ndinamuuza kuti akangoponda pakhomo pathu tiyambana. Ndinaikhazika pampando n'kuika kambale. Atate anasiya nzimbe, n'kuika manja pamaondo. Pa anthu onse amene anamva nyimbo ija, iwo okha ndiwo anaimvera kuyambira poyamba mpaka pomaliza osalankhula. Ine ndinkangoyang'ana pansi. Nthawi iliyonse mbalule ikaima n'kugwa mochedwa ndinkamva ngati ndawaponda chala, ndipo inaima kambirimbiri, poti ndinaikonza ndekha kuti izitero. Sindinkadziwa kuti nyimbo yanga ndi yaitali choncho.

Singano inafika kumapeto. Kenako atate anati, "Anthu akuti ndi injini. Asiye anthu. Iyi ndi nyimbo, ndipo injini zakozo wazikhazika bwino pamwamba pa ng'oma."

Ndinadzutsa mutu.

"Khutu uli nalo," anapitiriza. "Pabwalo paja panali anthu a mapulazi atatu, mnzanga wa mpanje ali pambali panga penipeni. Palibe anamva. Unamva ndiwe wekha. Ndiwe woimba, pa zimenezo asakunamize munthu."

Ndi mawu amene ndinali nditawadikira zaka zonse, ndipo atabwera ndinalakalaka akanapanda kubwera. Misozi inali itayamba kale.

"Koma ng'oma ili ndi lamulo lake," anatero. "Ukamva mnzako waphonya, umatsekapo msanga ndi yako, anthu asamve. Ntchito ya khutu ndi imeneyo. Ukanakhala pambali panga tsiku lija ukanatsekapo, bwenzi ndikuimbabe chaka china kapena ziwiri. Iwe unamva, n'kupita napo ku Harare."

Sanakweze mawu. Analowa m'nyumba, ndinamva akukoka mpando, ndipo anatuluka ndi mbalule. Anaipukuta fumbi ndi mkono wa malaya. Anati sadikira Lamulungu kuti anthu adzachite kuwalanda pakhomo pawo. Ndinaimirira kuti ndiwanyamulire.

"Isiye," anatero. "Iwe kabweze gumbagumba ya eni ake."

Anaikolekera paphewa lamanzere n'kutsika pakhonde, dzuwa lili pamutu, anthu ali m'makomo mwawo akuyang'ana. Anadutsa pakati pa komboni okha, osafulumira, akupatsa moni aliyense.